Kodi phungu amafika pati pofunsa za ndalama zogulira maparachuti a asilikali?

Kachere
Ndikupempha abale amene mumadziwa bwino za kayendetsedwe ka ndalama za boma kuti mundithandize pa nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu. Asilikali a ku America anagwiritsa ntchito parachuti yotchedwa T-10 kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo cha m'ma 2009 anayamba kuisintha ndi yatsopano yotchedwa T-11. Mu June 2011 msilikali wina anamwalira ku msasa wa asilikali wa Fort Bragg, m'chigawo cha North Carolina, parachuti yatsopanoyo itakanika kutambasuka bwino, ndipo mwezi wotsatira akuluakulu a asilikali anaimitsa kaye kuigwiritsa ntchito mpaka atafufuza. Funso langa ndi lakuti, kodi aphungu amene anavomereza ndalama zogulira maparachuti amenewa anali ndi mbali yanji pa nkhaniyi? Kodi ntchito ya phungu imathera pa tsiku lovomereza bajeti, kapena amayenera kuitsatira ndalamayo mpaka pamene msilikali wafika pansi ali wamoyo? Ndikufunsa chifukwa nafenso tili ndi asilikali odumpha m'ndege ku Salima, ndipo ndalama zogulira zida zawo zimadutsa m'Nyumba ya Malamulo yathu.

Nachisale_Mlondolozi
A Kachere, funso lanu ndi labwino, koma kuti tiliyankhe tiyambe tamvetsa kuti ku America ndalama ya asilikali imadutsa pa zipata ziwiri. Chipata choyamba ndi makomiti oona za asilikali, ina ya ku House of Representatives ndi ina ya ku Senate, zimene ndi mbali ziwiri za Nyumba ya Malamulo ya kumeneko yotchedwa Congress. Makomiti amenewa amalemba lamulo la chaka ndi chaka lotchedwa National Defense Authorization Act, limene lakhala likutuluka chaka chilichonse kuyambira 1961, ndipo lamuloli limanena zimene asilikali aloledwa kuchita ndi kugula. Chipata chachiwiri ndi makomiti ogawa ndalama, amene amatulutsa ndalama yeniyeniyo. Chinthu chikhoza kuloledwa pa chipata choyamba koma n'kumanidwa ndalama pa chachiwiri.

China chimene tiyenera kudziwa ndi chakuti ndalamazo zimaikidwa m'matumba osiyana, ndipo thumba lililonse lili ndi nthawi yake. Ndalama yofufuzira ndi kuyesera zida zatsopano imakhala zaka 2, yogulira zida imakhala zaka 3, pamene yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku ndi kukonza zida imatha m'chaka chimodzi. Parachuti imagulidwa ndi thumba limodzi, koma anthu oipinda, nyumba yoiumitsira, ulusi woisokera ikang'ambika ndi maphunziro a oiyendera zimachokera m'matumba ena. Phungu akhoza kuona mzere wogulira maparachuti, n'kukhutira kuti ana athu asamalidwa, osazindikira kuti mbali yosamalira maparachutiwo ili pa tsamba lina, ndipo mwina yadulidwa. Kwa ine vuto lagona pamenepo.

Mwinimudzi44
Mayi Nachisale, sindikuvomerezana nanu. Phungu si katswiri wa maparachuti, ndipo akayamba kulowerera za kapindidwe ka nsalu, asilikali adzalephera kugwira ntchito yawo.

Nachisale_Mlondolozi
Sindinanene kuti phungu apinde parachuti, bambo. Ndanena kuti afunse ngati opinda alipo okwanira komanso ngati ndalama yawo yafika.

WakuFayetteville
Ine ndimakhala pafupi ndi Fort Bragg kumene mukunenako, ndipo ndege zonyamula asilikali odumpha ndi parachuti a gulu la 82nd Airborne Division zimadutsa pamwamba pa nyumba zathu pafupipafupi, moti nkhani imeneyi kuno imakambidwa m'masitolo ndi m'matchalitchi. Ndiloleni ndiwonjezere chifukwa chimene anasinthira parachuti, popeza sikunali kungofuna chatsopano ayi. Msilikali wa masiku ano amadumpha atasenza katundu wolemera kwambiri kuposa wa m'zaka za m'ma 1950: zodzitetezera ku zipolopolo, mawayilesi, mabatire, madzi ndi zipolopolo zakezo. T-10 inkaloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 163, kuphatikiza munthu ndi katundu wake, pamene T-11 imafika pa makilogalamu pafupifupi 181. T-10 inkatsika pa liwiro la mamita pafupifupi 7 pa sekondi, ndipo T-11 imatsika pa liwiro losakwana mamita 6. Kusiyanaku kukuoneka kochepa pa pepala, koma pa akakolo, mawondo ndi msana wa munthu ndi kwakukulu, ndipo kuvulala pofika pansi kunachepa ndithu.

Komabe parachuti yatsopanoyo ndi yaikulu, yooneka ngati ya ngodya zinayi osati yozungulira, ndipo imachedwerapo kutseguka. Pa yakale msilikali ankawerenga mpaka 4 asanayang'ane kumwamba kuti aone ngati yatseguka, koma pa yatsopano amawerenga mpaka 6. Kapindidwe kakenso ndi kena, ndipo kamatenga nthawi yotalikirapo. Kafukufuku wa ngozi ya 2011 ija analoza kwambiri ku kapindidwe ndi kayenderedwe ka parachutiyo isanapakidwe m'chikwama, zimene zikugwirizana ndi mfundo ya Mayi Nachisale. Ukagula chida chofuna nthawi yambiri kuchikonza, koma chiwerengero cha okonza ndi maola awo n'kukhala chimodzimodzi, wagula theka la chinthu.

Msilikali_Wopuma
Ana anga, ndinadumphapo m'ndege kangapo pa unyamata wanga, choncho ndiloleni ndikuuzeni zimene maso anga anaona. Parachuti ikabwera kuchokera kuthengo siilowa m'chikwama nthawi yomweyo. Imayamba yakolekedwa pamalo aatali n'kukutumulidwa kuti masamba, timitengo, mchenga ndi tizilombo zigwe, ndipo ngati inanyowa imayenera kuuma pamthunzi chifukwa dzuwa limafooketsa nayiloni. Kenako imayalidwa pa tebulo lalitali kwambiri, wopinda n'kuyamba kuitsata chingwe chimodzichimodzi ndi zala zake, kufunafuna pamene pakhuthuka ulusi kapena pamene papsa chifukwa cha kukhulana kwa nsalu. Pa magawo ena a ntchitoyo amaima, n'kuitana woyendera kuti adzaone asanapitirire. Akamaliza amasaina dzina lake m'kabuku kakang'ono kamene kamakhala m'thumba la parachutiyo moyo wake wonse.

Ine ndisanadumphe ndinkatsegula kabukuko n'kuwerenga dzina la amene anapinda. Sindinkadziwa dzina la kampani imene inasoka, ndipo sindinkadziwa phungu aliyense amene anavomereza ndalama yake, koma dzina la wopinda ndinkalidziwa. Ngati munthu ameneyo wapinda maparachuti ochuluka kuposa muyezo chifukwa anzake ndi ochepa, ngati nyali ya m'nyumba yopindiramo inapsa ndipo palibe ndalama yogulira ina, moyo wanga uli pa chiswe ngakhale parachutiyo itakhala yodula bwanji. N'chifukwa chake ndikuti a Mwinimudzi akulakwitsa. Phungu wofunsa za opinda akuthandiza ine, sakundisokoneza.

Mwinimudzi44
Ndamva, bambo, ndipo ndikulemekeza zimene munadutsamo. Nkhawa yanga ndi ina. Ngati Nyumba ya Malamulo ikambirana poyera kuchuluka kwa maparachuti amene dziko lili nawo, mdani adzadziwa kuchuluka kwa asilikali amene tingawatsitse nthawi imodzi. Kodi chimenecho si chinsinsi cha dziko?

Nachisale_Mlondolozi
Nkhawa imeneyo ndi yomveka, koma ili ndi mankhwala ake. Ku America makomiti amakhala ndi misonkhano yotseka zitseko pa nkhani zachinsinsi, ndipo bajeti imakhala ndi zigawo zina zimene amaziona ndi aphungu okhawo ololedwa. Chinsinsi chimabisidwa kwa anthu wamba ndi kwa adani, osati kwa aphungu amene anasankhidwa kuti ayang'anire. Komanso mzere wa maparachuti wamba ku America si wachinsinsi nkomwe, umapezeka m'mabuku ofotokoza bajeti amene aliyense angawerenge pa intaneti. Kwathu kuno gawo 162 la malamulo aakulu a dziko linakhazikitsa Komiti ya Chitetezo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo limanena kuti zipani zonse zimene zili m'Nyumbamo ziyimiridwe molingana ndi mipando yawo. Amene analemba gawo limenelo mu 1994 ankadziwa kuti za asilikali zili ndi zinsinsi, ndipo n'chifukwa chake anapanga komiti yapadera yoti iziona zinsinsizo m'malo mwa tonsefe.

Mbewe_wa_ku_Joni
Ndikufuna ndikuchenjezeni kuti kukhala ndi komiti pa pepala sikutanthauza kuti komitiyo ili ndi mano. Kuno ku South Africa boma linasaina mu 1999 mgwirizano waukulu wogula ndege zankhondo, sitima zapamadzi ndi zapansi pa madzi, wa ndalama pafupifupi R30 biliyoni pa nthawiyo. Komiti yolondoloza ndalama za boma, imene kuno amaitcha SCOPA, inayamba kufunsa mafunso mu 2000 motsogozedwa ndi Gavin Woods. Phungu wa chipani cholamula amene ankalimbikira kuti kafukufuku achitike mokwanira, Andrew Feinstein, anachotsedwa pa utsogoleri wa gulu la chipani chake m'komitimo, ndipo mu 2001 anatula pansi uphungu. Patapita zaka boma linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Seriti, limene linanena kuti silinapeze umboni wa ziphuphu, koma mu 2019 khoti lalikulu linathetsa zimene bungwelo linapeza ponena kuti silinafufuze moyenera. Ngati aphungu anagonjetsedwa pa zinthu zazikulu zooneka ndi maso ngati sitima, nanga pa nsalu ndi zingwe zosungidwa m'nyumba yotseka angalimbe bwanji?

Kachere
A Mbewe, mwandikhudza pamene ndimafuna. Kodi ndiye kuti chinthu chikakhala chaching'ono chimathawa maso a aphungu mosavuta kuposa chachikulu?

Nachisale_Mlondolozi
Ndi momwemo, a Kachere, ndipo malamulo enieniwo amathandizira zimenezi mosadziwa. Ku America kuli lamulo la 1982 lodziwika ndi mayina a aphungu awiri, Nunn ndi McCurdy. Limanena kuti mtengo wa chida chimodzi ukakwera ndi 15 peresenti kuposa umene unagwirizanidwa, asilikali auze Congress, ndipo ukakwera ndi 25 peresenti, ntchitoyo iunikidwenso mwamphamvu ndipo ikhoza kuthetsedwa. Koma lamuloli limagwira mapulogalamu akuluakulu okha, monga a ndege zankhondo, sitima ndi mizinga. Parachuti siifika pa msinkhu umenewo. Ngakhale mutagula maparachuti masauzande makumi angapo, ndalama yake yonse ndi yochepa poyerekeza ndi ya ndege zankhondo zowerengeka, choncho imakhala kamzere kamodzi pakati pa mizere mazanamazana ya zida zosiyanasiyana. Aphungu ndi owathandiza awo ali ndi maola owerengeka, ndipo amathera nthawi yawo pamene pali mabiliyoni. Komatu ndege ikawonongeka injini imodzi woyendetsa amakhala ndi njira zina, pamene msilikali amene watuluka pakhomo la ndege pa mtunda wa mamita osakwana 400 ali ndi parachuti yake, ina yapadera pachifuwa, ndi masekondi ochepa chabe.

Telala_wa_Limbe
Ine ndine wosoka chabe, sindidziwa za malamulo, koma nsalu ndimaidziwa. Nayiloni imakalamba ngakhale itangokhala m'kabati osagwiritsidwa ntchito. Ndinasokapo matenti ndi zikwama, ndipo ndaonapo nsalu yooneka yatsopano ndi maso koma ukaikoka pang'ono pa msoko imang'ambika ngati pepala, chifukwa inakhalitsa pamalo otentha kapena a chinyezi. Ndiye ndikufunsa, kodi maparachuti ali ndi tsiku lotha ntchito monga mankhwala?

Msilikali_Wopuma
Ali nalo, achimwene. Tsiku limene inasokedwa limadindidwa pa nsalu yeniyeniyo, ndipo tsiku limene inayamba kugwira ntchito limalembedwa m'kabuku kaja. Ikakwanitsa zaka zake, zimene nthawi zambiri zimangopitirira khumi pang'ono, imachotsedwa ngakhale ikuoneka yabwino.

Nachisale_Mlondolozi
Funso la a Telala ndi lofunika kuposa momwe likuonekera, chifukwa likutanthauza kuti ndalama ya maparachuti ndi yodziwikiratu. Ngati munagula ambiri m'chaka chimodzi, mukudziwa kale chaka chimene onsewo adzathere ntchito limodzi. Komiti yabwino iyenera kukhala ndi ndandanda yosonyeza kuchuluka kwa amene akutha ntchito chaka chilichonse, kuti ndalama yogulira ena ilowe m'bajeti nthawi isanakwane. Ikapanda kutero, akuluakulu a asilikali amabwera mothamanga n'kunena kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala, tiloleni tigule mwachangu popanda mpikisano wa ogulitsa. Ndinagwirapo ntchito yowerengera katundu m'ofesi ina, ndipo ndinaona kangapo kuti kugula kwadzidzidzi kunkachitika pa zinthu zimene tsiku lake lotha linali lolembedwa pa katoni zaka zambiri m'mbuyomo. Nditafunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti nkhaniyo ndi ya akuluakulu. Mtengo unkakwera kawiri, ndipo pepala lofananitsa mitengo silinkapezeka m'failo.

Chisale_wa_ku_Leeds
Ndikuona kuti mukuyamikira aphungu a ku America mopitirira. Pali mbali ina imene simunaitchule. Kuyambira 1941 kuli lamulo lotchedwa Berry Amendment, limene limakakamiza asilikali a ku America kugula zovala, nsalu ndi zinthu zosokedwa zopangidwa m'dziko lawo lomwelo, ndipo maparachuti ali m'gulu limenelo. Makampani osoka maparachuti a asilikali kumeneko ndi owerengeka, ndipo iliyonse ili m'dera la phungu winawake. Phungu ameneyo akamalimbikira kuti ndalama ya maparachuti iwonjezedwe, sitingadziwe msanga ngati akuganizira msilikali kapena akuganizira mavoti a ogwira ntchito m'fakitale ya kwawo. Nthawi zina Congress imawonjezera ndalama pa zida zimene asilikali eni akewo sanapemphe. Kumeneko si kulondoloza ayi, ndi kukokera nsima kumbali yako.

WakuFayetteville
A Chisale, zimene mwanenazo zimachitikadi, koma lamulo limenelo lili ndi chifukwa chake chimene sitiyenera kuchiiwala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, maparachuti ankasokedwa ndi silika, ndipo silika wambiri ankachokera ku Japan. Ubale utasokonekera mu 1941, America inapezeka kuti ilibe kogula nsalu ya maparachuti, ndipo inapulumukira pa nayiloni imene kampani ya DuPont inali itangoitulukira kumene. Mu June 1942 mayi wina wopinda maparachuti, Adeline Gray, anadumpha ndi parachuti ya nayiloni ku Connecticut pofuna kutsimikizira akuluakulu a asilikali kuti ndi yodalirika. Dziko limene linadutsa m'zimenezo silingafune kudaliranso fakitale ya kutsidya kwa nyanja. Ndiponso fakitale yotere ikatsekedwa chifukwa chosowa maoda kwa zaka ziwiri, osoka aluso amabalalika, ndipo kuwasonkhanitsanso si ntchito ya mwezi umodzi. Choncho phungu woteteza fakitale ya kwawo akhoza kukhala wodzikonda, komabe n'kukhala kuti akunena zoona.

Chisale_wa_ku_Leeds
Ndavomera za silika. Koma ngati ogulitsa ndi atatu kapena anayi okha, ndipo boma ndi loletsedwa kugula kunja, ndani amaonetsetsa kuti mtengo ndi woyenera? Apa ndi pamene ndimafuna kuona aphungu akugwira ntchito. Kuno ku Britain komiti yolondoloza ndalama za boma inakhazikitsidwa mu 1861, imatsogozedwa ndi phungu wa chipani chotsutsa, ndipo imagwiritsa ntchito malipoti a National Audit Office poitanitsa akuluakulu a unduna wa chitetezo kuti adzayankhe. Ngakhale zili choncho, ntchito yogula magalimoto ankhondo a Ajax inachedwa zaka zambiri, ndipo asilikali ena amene ankawayesa anavulala makutu ndi phokoso komanso kunjenjemera kwake. Komiti inadzudzula, koma inadzudzula ndalama zitapita kale.

Mwinimudzi44
Ndiye mwabwerera pa mfundo yanga. Ngati ngakhale ku Britain aphungu amafika mochedwa, phindu lawo ndi lotani?

Mbewe_wa_ku_Joni
Phindu lake ndi lakuti wosaina cheke amadziwa kuti tsiku lina adzakhala pa mpando n'kufunsidwa dzina lake likulembedwa. Mantha amenewo amateteza ndalama zambiri zimene sitimva n'komwe kuti zinatsala pang'ono kubedwa.

Nachisale_Mlondolozi
Ndiwonjezere chitsanzo chosonyeza kuti aphungu akhoza kufika nthawi yabwino akafuna. Mu 1941 Senate ya ku America inakhazikitsa komiti yofufuza kagulidwe ka zida zankhondo, motsogozedwa ndi Harry Truman amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti. Komitiyi sinkangodikira malipoti pa desiki, koma inkapita m'mafakitale ndi m'misasa ya asilikali, ndipo inkalandira makalata ochokera kwa antchito wamba. Mu 1943 inaulula kuti pa fakitale ina ya injini za ndege ku Ohio, injini zolakwika zinkadutsa ngati zabwino chifukwa oyendera ankakakamizidwa kutseka maso. Nkhondo inali pakati, koma palibe amene anakwanitsa kuitsekereza komitiyo ndi mawu akuti chinsinsi. Lero Congress ili ndi ofesi yake yofufuza, GAO, imene inakhazikitsidwa mu 1921, ndipo mu 1983 inakhazikitsanso ofesi yapadera yoona kuti zida zayesedwa mokwanira zisanagulidwe zambiri. Sindikunena kuti zonse zili bwino kumeneko, chifukwa unduna wawo wa chitetezo wakhala ukulephera kulondolozedwa kwa mabuku ake onse kuyambira pamene anayamba kuchita zimenezi mu 2018. Koma kulepherako kumalengezedwa poyera, ndipo aphungu amakhala ndi pogwira.

Pali chinthu china chimene aphungu eni akewo amalakwitsa. Chaka cha boma ku America chimayamba pa 1 October, ndipo akalephera kugwirizana bajeti pofika tsikulo, amadutsitsa lamulo longogwirizira, limene kawirikawiri limaletsa kuyamba kugula chinthu chatsopano kapena kuwonjezera kuchuluka kwa zimene zikugulidwa. Miyezi imeneyo maparachuti akale amapitiriza kukalamba pamene oda ya atsopano yaima. Wolondoloza nayenso ayenera kulondolozedwa.

Namaseko_wa_ku_Mzuzu
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mtima wanga ukundikakamiza kulankhula. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali athu ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo tinataya Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Ine ndinali ku Mzuzu usiku umenewo, m'chifunga ndi kuzizira, tikumvetsera wayilesi mpaka mbandakucha osadziwa kumene ndegeyo inali. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany atatulutsa lipoti lawo, ananena kuti kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa kuti ofunafuna aipeze msanga kanali ndi batire limene linatha ntchito mu 2004, ndiponso kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe kake. Sindikunena kuti batire ndilo linagwetsa ndege, ndipo sindikuloza munthu chala. Ndikungoti batire ndi chinthu chaching'ono, chokhala ndi tsiku lotha ntchito lolembedwa, chimodzimodzi parachuti imene mukukambayi. Pakati pa 2004 ndi 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza bajeti ya asilikali chaka ndi chaka. Ndikanakonda kudziwa kuti ndandanda ya zipangizo zopulumutsa moyo zimene zatha ntchito imafika pa tebulo la komiti kapena ayi.

Msilikali_Wopuma
Mayi Namaseko, mwalankhula zimene ambiri a ife timazisunga mumtima. Mizimu ya onse amene anatisiya tsiku limenelo iuse mumtendere.

Mwinimudzi44
Pamenepa ndilibe chotsutsa. Ndikuvomera kuti ndandanda yotereyo komiti iyenera kuiona, bola ikhale m'chipinda chotseka ndipo aphunguwo alumbire kusaulula. Chimene ndimaopa ndi phungu wotenga pepala la chitetezo n'kukaliwerenga pa msonkhano wa ndale.

Mbewe_wa_ku_Joni
Phungu wotero alangidwe payekha, koma asakhale chifukwa chomanira komiti yonse mapepala. Tisaiwale kuti Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa kuti ndalama zimatuluka mosavuta pamene palembedwa kuti katundu waperekedwa koma palibe amene anapita kukamuwerenga. Parachuti ili ndi ubwino umodzi pa nkhani imeneyi: iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Wolondoloza atapatsidwa invoisi yonena kuti tagula 200, akhoza kupita kosungirako n'kuwerenga manambala 200 ndi maso ake tsiku limodzi.

Chisale_wa_ku_Leeds
Ndibwerere pa funso la mtengo, chifukwa kwa dziko ngati lathu ndi losiyana ndi la America. Ife sitisoka maparachuti, timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene ndi zosowa kale, kapena timalandira ngati thandizo kuchokera ku mayiko anzathu. Pogula, funso loyamba la komiti likhale lakuti, kodi tagula kwa wopanga mwiniwake kapena kwa munthu wapakati, ndipo ngati ndi wapakati, waikapo zingati pamwamba? Polandira za thandizo, funso likhale lakuti zinasokedwa liti, zatsala ndi zaka zingati, ndipo ndani adzalipira zosinthira ndi maphunziro a opinda athu. Mphatso ya parachuti yotsala ndi zaka ziwiri imafuna ndalama m'bajeti ya chaka chachitatu, ndipo ngati sinadutse m'Nyumba ya Malamulo chifukwa inali mphatso, palibe amene adzaikumbukire.

Kachere
Abale, ndathokoza kwambiri. Chaka cha boma kwathu tsopano chimayamba pa 1 April, ndipo makomiti amakhala pansi kuunika bajeti miyezi ya February ndi March. Ndaganiza zolembera kalata phungu wa dera lathu nthawiyo isanafike, yomupempha kuti akafikitse mafunso ku Komiti ya Chitetezo. Ndikufuna kufunsa za tsiku lotha ntchito la zipangizo zopulumutsa moyo, za ndalama yozisamalira poyerekeza ndi yozigulira, ndi za amene timagulako. A Msilikali_Wopuma, inu amene munavalapo chinthuchi kumsana, pali funso limene ndalisiya?

Msilikali_Wopuma
Lilipo limodzi, mwana wanga. Ku America opinda maparachuti amavala zipewa zofiira kuti adziwike msanga pabwalo la ndege, ndipo onse ndi odumpha, moti amayenera kukhala okonzeka kudumpha ndi parachuti iliyonse imene apinda ndi manja awo. Lumbiro lawo limatha ndi mawu olonjeza kuti adzakhala otsimikiza nthawi zonse. M'kalata yanuyo mupemphe kuti aphungu a komitiyo asakathere mu ofesi ya mkulu wa asilikali kumene kuli tiyi ndi mipando yofewa, koma akafike m'nyumba yopindira, akapemphe kabuku ka parachuti iliyonse imene angaitole okha pa shelefu, ndipo akafunse wopinda wamng'ono kwambiri pa udindo, bwana wake atatuluka panja, kuti amapinda angati pa tsiku ndiponso chimene chikusowa pa tebulo lake n'chiyani.

Kachere
Ndalemba momwemo, bambo. Kalatayo ndikaimaliza ndiitumiza kaye kwa Mayi Nachisale kuti aione manambala a magawo a malamulo ndisanaipereke ku ofesi ya phungu Lolemba.